Kutsitsa Mafayilo pa Intaneti ndi wget ndi curl

Fayilo yoikira Ubuntu 24.04 pa kompyuta ndi yaikulu pafupifupi magigabayiti 6. Ngati intaneti yanu ikuyenda pa mamegabiti 2 pa sekondi, liwiro lomwe si lachilendo madzulo anthu akadzadzana pa netiweki, fayiloyo imafuna maola 6 ndi mphindi 40 kuti ifike yonse. Masamu ake ndi osavuta. Bayiti imodzi ili ndi mabiti 8, choncho mamegabiti 2 ndi kota ya megabayiti pa sekondi, ndipo mamegabayiti 6,000 amatenga masekondi 24,000. Makampani a mafoni amatchula liwiro m'mabiti koma bandulo amagulitsa m'mabayiti, ndipo anthu ambiri amasokonezekera pomwepa.

M'maola pafupifupi 7 zambiri zimachitika. Magetsi amathima. Batire la laputopu limatha. Mwinifoni amene wakuyatsirani hotspot amaitanidwa n'kutuluka nayo foniyo. Bandulo imatha fayilo itafika pa 90 peresenti. Amene anali ku Malawi mu 2022, namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, kapena ku Zambia mu 2024 madzi ataphwera ku Kariba, akudziwa kuti maola 7 otsatizana magetsi ali chiyakire sapezeka wamba. Choncho pa fayilo yaikulu, chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti zikaduka panjira mupitiriza pomwe munalekezera, kapena muyambiranso n'kugula kachiwiri data imene munalipira kale.

Chrome ndi Firefox amayesetsa ndithu. Ali ndi batani lopitirizira, ndipo nthawi zina limagwiradi ntchito. Koma likakana silinena chifukwa, ndipo chidutswa chimene chinafika kale chimatha kusowa osadziwa kuti chalowera kuti. Mapulogalamu awiri ang'onoang'ono, wget ndi curl, alibe batani ngakhale limodzi, mumawauza zochita potayipa. Onse ndi aulere. Onse anayambika cha mu 1996, nthawi imene intaneti ya m'nyumba za ku Ulaya komweko inali yochedwa ndi yodukaduka kuposa yathu ya lero, ndipo n'chifukwa chake amatiyenera chonchi.

Potayipira pake

Kompyuta zisanakhale ndi mausi ndi tizithunzi todinapo, munthu ankatayipa mzere umodzi, kompyuta n'kuyankha ndi mzere wina. Pamene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie ankayamba kupanga Unix ku Bell Labs ku America mu 1969, yankholo linkasindikizidwa papepala. Njira imeneyi ikadalipo. Imatchedwa command line, ndipo zenera lotayipamo ndi terminal. Pa Ubuntu limatseguka mukakanikiza Ctrl, Alt ndi T pamodzi. Pa Mac fufuzani pulogalamu ya Terminal, curl mwaipeza kale momwemo. Microsoft nayo inaika curl mu Windows 10 mu 2018, moti mukatsegula Command Prompt ndi yokonzeka. Amene ali ndi foni ya Android yokha asadandaule: pulogalamu ya Termux imabweretsa terminal pafoni, ndipo kutayipa `pkg install wget curl` kumaika onse awiri.

Lamulo loyamba ndi lalifupi:

`wget https://example.com/mabuku/masamu.pdf`

Dzina la example.com linasungidwira zitsanzo, ndiye m'malo mwake ikani linki yeniyeni, imene mumaikopera podina batani lakumanja la mausi pa malo otsitsira. Mukakanikiza Enter, wget imasonyeza kukula kwa fayilo, liwiro, ndi nthawi yotsala, kenako imaisunga mu foda imene muli. Ndi curl muyenera kuwonjezera chilembo:

`curl -O https://example.com/mabuku/masamu.pdf`

Mukaiwala `-O`, curl imayesa kukhuthulira zonse pa sikirini, pakuti chibadwa chake ndi kusonyeza zimene yalandira. Pali kamsampha kena kamene kamakola ngakhale akatswiri. Pa curl, O wamkulu amatanthauza kusunga ndi dzina limene fayilo yabwera nalo, pamene o wamng'ono ndi wopatsira dzina lanulanu. Pa wget, wopatsira dzina ndi O wamkulu, ndipo o wamng'ono amasunga lipoti la mmene ntchito yayendera. Ogwiritsa ntchito Windows achenjerenso ndi PowerShell yakale ija imene imabwera ndi kompyuta: mmenemo mawu akuti curl ndi wget anawasandutsa mayina ena a lamulo la Microsoft lotchedwa Invoke-WebRequest, limene silimva zilembo zimenezi. Tayipani `curl.exe` kuti mupeze yeniyeniyo.

Anthu amene anawalemba

Wget inalembedwa ndi Hrvoje Nikšić wa ku Croatia. Inatuluka koyamba mu Januwale 1996 ili ndi dzina lakuti Geturl, koma zitadziwika kuti dzinalo linali kale ndi mwini wake pa makompyuta a Amiga, analisintha chaka chomwecho. Masiku amenewo anthu ankalowa pa intaneti kudzera pa waya wa telefoni, pa modemu ya makilobiti 28.8 pa sekondi. Megabayiti imodzi inkatenga pafupifupi mphindi 5, ndipo wina m'nyumbamo akangonyamula telefoni, zonse zinkaduka. Nikšić anamanga pulogalamu yoti muisiye ikugwira ntchito inu mutachokapo, ikaduka iyesenso yokha, ndipo iyambire pamene inalekera. Lero wget ili m'gulu la mapulogalamu a GNU ndipo anthu ena ndiwo amaisamalira.

Mbiri ya curl ndi yoseketsa pang'ono. Daniel Stenberg wa ku Sweden anali ndi kapulogalamu koyankha mafunso m'chipinda chochezera cha IRC, ndipo ankafuna kuti kazitha kuuza anthu mtengo wa ndalama zakunja. Pankafunika chida chokatenga mitengoyo pa webusaiti tsiku ndi tsiku. Anapeza httpget, imene Rafael Sagula wa ku Brazil anatulutsa mu Novembala 1996, nayamba kuikonza mpaka anakhala woisamalira. Itaphunzira kutenga mafayilo kudzera m'njira zina monga FTP, inasanduka urlget. Itaphunziranso kutumiza, dzinalo linaperewera, ndipo pa 20 Malichi 1998 inatuluka ili curl. Mu 2000 Stenberg anapatula mtima wa pulogalamuyo n'kuutcha libcurl, kuti aliyense wopanga mapulogalamu athe kuuika m'kati mwa zake. Kumeneko ndiko kunaifalitsa. Lero libcurl ili m'mafoni, m'ma TV, m'magalimoto ndi m'mapulinta, moti malo amene ikugwira ntchito amawerengedwa m'mabiliyoni. Mu 2017 Stenberg analandira mphoto ya Polhem ya ku Sweden chifukwa cha ntchito imeneyi.

Kusiyana kwa awiriwa kumachokera pa chiyambi chawocho. Wget ndi yokokera mafayilo pansi, ndipo ndi youma khosi. Curl ndi yolankhulira ndi maseva m'njira zambirimbiri, kutenga ndi kutumiza komwe, ndipo imachita zokhazo zimene mwaiuza, osawonjezera. Kwa munthu wongofuna kuti fayilo yaikulu ifike, ine ndimaona kuti wget ndiyo yoyamba kuphunzira. Curl imathandiza kwambiri pofuna kuona chimene chavuta.

Zimene zimanenedwa mseri

Mukadina linki, kompyuta yanu imatumiza pempho ku kompyuta ina yotchedwa seva, sevayo n'kuyankha. Chilankhulo chawo ndi HTTP, chimene Tim Berners-Lee anayambitsa ku CERN, pafupi ndi Geneva, atapereka ganizo lake la webu mu 1989. Browser imabisa kukambirana kumeneku. Curl imakuonetsani:

`curl -I https://example.com/ubuntu.iso`

Chilembo `-I` chimapempha mutu wa yankho wokha, fayilo osaitenga, choncho data imene mwawononga ndi yosanunkha kanthu. Mwa mizere imene imabwera, itatu iyi ndiyo yofunika:

`HTTP/1.1 200 OK`
`Content-Length: 6000000000`
`Accept-Ranges: bytes`

Nambala 200 ikutanthauza kuti fayilo ilipo ndipo mwaloledwa. Aliyense anaionapo 404, yonena kuti chimene mwapemphacho palibe. 403 ndi kukanizidwa, 429 ndi kuuzidwa kuti mwapempha mobwerezabwereza, 503 ndiye kuti seva yalemedwa, pamene 301 ndi 302 zimakulozerani adiresi ina kumene fayilo inasamukira. Mzere wachiwiri ukunena kukula kwa fayilo m'mabayiti, ndipo munthu wanzeru amauyerekeza ndi bandulo yake asanayambe n'komwe.

Mzere wachitatuwo ndiwo mwini nkhani. Seva ikunena kuti imavomera kupereka fayilo m'zidutswa. Mwayi umenewu unakhazikitsidwa mu HTTP/1.1, imene malamulo ake anasindikizidwa mu Januwale 1997. Tinene kuti mabayiti 4,000,000,000 anafika kale magetsi asanathime. Pulogalamu yanu imayeza chidutswa chili pa kompyuta, n'kutumiza pempho lokhala ndi mzere wakuti `Range: bytes=4000000000-`, kutanthauza kuti ipatsidwe kuyambira pamenepo mpaka kumapeto. Seva ikavomera imayankha 206 m'malo mwa 200, n'kutumiza zotsala zokha. Zili ngati pampopi madzi akasiya ndowa ili theka: simutaya amene mwatunga, mumangodikira abwerenso n'kudzazitsa.

Kupitiriza

Pa wget zonsezi zimachitika ndi chilembo chimodzi:

`wget -c https://example.com/ubuntu.iso`

Pa curl zimatalikirapo, ndipo kamzere kali pakokha pambuyo pa C n'kofunika, chifukwa kamauza curl kuti idziwerengere yokha poyambira:

`curl -C - -O https://example.com/ubuntu.iso`

Mukaiwala `-c`, wget siifufuta chidutswa chakale, koma imayamba fayilo yatsopano yotchedwa ubuntu.iso.1, data n'kumapita pachabe inu mukuganiza kuti ikupitiriza. Ndi bwino kuzolowera kulemba `-c` ngakhale poyamba penipeni, pakuti sichiwononga kanthu. Muyeneranso kukhala mu foda yomweyo imene muli chidutswacho.

Netiweki ikangodukiza pang'ono pulogalamu ikadali yoyaka, wget imayesanso yokha mpaka maulendo 20. Vuto ndi lakuti imaleza mtima mopitirira muyeso: data ikasiya kubwera koma kulumikizana kusanaduke poyera, imatha kudikira masekondi 900, omwe ndi mphindi 15, isanavomereze kuti zakanika. Pa netiweki ya foni ndi bwino kuifupikitsira nthawi ndi kuichotsera malire a maulendo:

`wget -c -T 30 -t 0 https://example.com/ubuntu.iso`

Apa `-T 30` ndi masekondi odikira, ndipo `-t 0` ndi kuyesa kosalekeza. Komabe pali zolephera zina zimene wget imaziona ngati zosachiritsika n'kutsekeratu, monga ikalephera kupeza dzina la seva chifukwa hotspot yazima. Pa Linux, pa Mac ndi pa Termux mankhwala ake ndi mzere uwu:

`until wget -c -T 30 https://example.com/ubuntu.iso; do sleep 60; done`

Ukunena kuti: mpaka wget itamaliza bwino, puma mphindi imodzi n'kuyambanso. Muyambe mwatsimikiza kuti linkiyo ndi yolondola, apo ayi idzakhala ikugogoda pa 404 usiku wonse.

Pali nthawi ziwiri zimene kupitiriza kumalephera, ndipo ndi bwino kuzidziwiratu. Yoyamba, seva zina sizivomera zidutswa, ndipo zina zimapereka linki imene imafa pakapita maola ochepa, makamaka malo osungira mafayilo amene amafuna kuti mulowe ndi akaunti. Pa linki yakufayo si zonse zatayika. Katengeni linki yatsopano ya fayilo yomweyo, ndipo ngati dzina la fayilo ndi lomwelo, `-c` idzalumikiza pa chidutswa chakale. Yachiwiri ndi yobisika kwambiri. Wget imangoyang'ana kutalika kwa chidutswa, siifufuza ngati fayilo ya pa seva ikadali yomwe ija. Eni ake akaika mtundu watsopano pansi pa dzina lomwelo inu muli pakati, mudzakhala ndi mutu wa fayilo yakale ndi mchira wa yatsopano, ndipo palibe chimene chidzakuchenjezeni.

Usiku, mndandanda ndi liwiro

Bandulo za usiku zimakhala zotchipa, koma munthu sangamachezere pa kompyuta kudikira 12 koloko. Ngati panopa ili 9 koloko, tayipani izi mukagone:

`sleep 3h && wget -c -i mndandanda.txt`

Kompyuta idikira maola atatu, kenako iyamba. Chilembo `-i` chimawerenga malinki kuchokera mu fayilo wamba imene mwalembamo linki imodzi pa mzere uliwonse, kaya ndi 5 kaya ndi 500. Mungoonetsetsa kuti laputopu siigona yokha, ndipo pa Termux tayipani `termux-wake-lock` kuti Android isaimitse ntchito sikirini ikazima. Kuti bandulo ya usiku ikatha kompyutayo isayambe kudya mayunitsi, ikani malire ndi `-Q 2000m`. Dziwani kuti malirewa amagwira pa mndandanda, pakati pa fayilo ina ndi inzake, ndipo saimitsa fayilo imene yayambika kale.

Mu ofesi kapena pa sukulu pamene anthu ambiri akugawana intaneti imodzi, fayilo yanu yaikulu imatha kutsamwitsa anzanu onse. Kuwonjezera `--limit-rate=200k` kumaletsa wget kupitirira makilobayiti 200 pa sekondi. Fayilo imachedwerapo, koma wa akaunti amatha kutumiza imelo yake osakutukwanirani mumtima.

Tinthu tina titatu timasowetsa mtendere oyamba kumene. Linki yokhala ndi chizindikiro cha & iyenera kukutidwa ndi zizindikiro zogwira mawu, chonchi: `wget "https://example.com/tenga?id=7&mtundu=pdf"`, chifukwa terminal imamva & ngati lamulo lake ndipo imadula linkiyo pakati. Chachiwiri, seva ikayankha 301 kapena 302, wget imatsatira yokha, koma curl imaima pomwepo pokhapokha mutaipatsa `-L`. Chachitatu, curl ikalandira 404 imasunga tsamba lodandaulalo pansi pa dzina la fayilo yanu ngati kuti zonse zili bwino, moti mumadabwa kuona buku la PDF la makilobayiti awiri losatseguka. Chilembo `-f` chimathetsa zimenezo. N'chifukwa chake anthu ozolowera amalemba `curl -fLO` mosaganiza n'komwe.

Kodi yafikayo ndi yomwe ija?

Fayilo imene yaduka ndi kulumikizidwa kangapo iyenera kuyezedwa. Muyeso wake ndi SHA-256, masamu amene amapera fayilo yonse, kaya ikule bwanji, n'kutulutsa mzere wa zilembo ndi manambala 64. Bayiti imodzi yokha ikasintha, mzere wonse umasinthiratu. Opanga Ubuntu amaika fayilo yaing'ono yotchedwa SHA256SUMS pambali pa mafayilo awo akuluakulu. Itsitseni mu foda yomweyo, n'kutayipa:

`sha256sum -c SHA256SUMS --ignore-missing`

Ikalemba OK, fayilo yanu ndi yathunthu. Pa Mac lamulo lake ndi `shasum -a 256`, pa Windows ndi `certutil -hashfile ubuntu.iso SHA256`, ndipo mumayerekeza nokha ndi maso. Mawebusaiti ena akadali kupereka muyeso wakale wa MD5. Umathandiza kugwira fayilo yowonongeka panjira, koma kuyambira mu 2004, pamene Wang Xiaoyun ndi anzake ku China anasonyeza kuti n'zotheka kupanga mafayilo awiri osiyana okhala ndi MD5 imodzi, sudalirikanso pa nkhani ya achiwembu.

Ngakhale SHA-256 ili ndi polekera. Pa 20 Febuluwale 2016, akuba a pa intaneti analowa mu webusaiti ya Linux Mint n'kusintha linki yotsitsira, kuti iziloza ku seva ya ku Bulgaria kumene anaikako Linux Mint 17.3 yokhala ndi khomo lobisika lolowera m'kompyuta za anthu. Amene anatsitsa tsiku limenelo anatenga yabodzayo kuchokera pa tsamba lenileni. Munthu amene watha kusintha linki angathenso kusintha muyeso wolembedwa pa tsamba lomwelo, ndiye kuyerekeza ziwirizo kumangotsimikiza kuti mwalandira bwinobwino chimene wakubayo anakutumizirani. Pofuna kutseka mpata umenewu, Ubuntu ndi ena amasainira fayilo ya miyeso ndi kiyi yachinsinsi imene siikhala pa webusaiti, ndipo siginecha yake imakhala mu SHA256SUMS.gpg. Kuiyeza kumafuna pulogalamu ya gpg ndi khama pang'ono. Pa nyimbo kapena buku n'kutaya nthawi, koma pa fayilo imene mukufuna kuikira makompyuta onse a pa ofesi, khamalo ndi loyenera.

Chenjezo lina limabwera musanatsitse n'komwe. Nthawi zina wget kapena curl imakana linki ya https, ikunena kuti satifiketi ya seva ndi yokayikitsa, ndipo malangizo ambiri a pa intaneti amangoti onjezani `-k` pa curl kapena `--no-check-certificate` pa wget. Kutero n'kuuza pulogalamu kuti isafunsenso amene ikulankhula naye. Yambani mwaona deti la kompyuta yanu. Makompyuta ambiri ogula ogwiritsidwa kale ntchito amabwera kabatire kosunga nthawi katafa, ndipo akazima amadzuka ali m'chaka china chakale, satifiketi iliyonse n'kuoneka ngati nthawi yake sinakwane. Kukonza deti kumathetsa vutolo.

Mudzaonanso mapulogalamu ambiri, ena otchuka ndithu, akukuuzani kuti muwaike ndi mzere wonga uwu: `curl https://example.com/install.sh | sh`. Kamzere koimirirako kamatenga zimene curl yalandira n'kuzipereka kwa kompyuta kuti izichite nthawi yomweyo, inu musanaziwerenge. Ine chizolowezi chimenechi sindichikonda, ndipo pa netiweki yodukaduka n'choopsa kawiri. Taganizani mzere wofufuta foda yosafunika, `rm -rf /home/inu/zakale`, utadukira pa `rm -rf /home/inu`. Kompyuta ichita zimene yamva, ndipo mafayilo anu onse apita. Opanga mapulogalamu osamala amalemba mwanjira yoti chidutswa chisagwire ntchito, koma simungadziwe amene wasamala musanaone. Sungani fayiloyo ndi `-O`, muiwerenge, kenako muiyendetse.

Kukoka webusaiti yonse

Pali ntchito imodzi imene wget imatha koma curl siitha. Imatha kutsegula tsamba, kuwerenga malinki onse ali pamenepo, n'kuwatsatira limodzi ndi limodzi:

`wget -r -np -A pdf --wait=2 https://example.com/mayeso/`

Chilembo `-r` ndicho chotsatira malinki, ndipo mukapanda kunena china chimalowa masitepe 5. `-np` imaletsa kukwera kupita ku mafoda a pamwamba, ndipo kuiiwala ndiyo njira yachidule yothera bandulo ya mwezi wonse pa ola limodzi. `-A pdf` imasunga ma PDF okha, pamene `--wait=2` imapumira masekondi awiri pakati pa mapempho. Mphunzitsi amene akufuna mapepala onse a mu foda ina yotsegukira aliyense amamaliza ndi mzere umodzi ntchito imene akanadina tsiku lonse. Wofuna tsamba loti aziwerenga popanda intaneti achotse `-A pdf` n'kuwonjezera `-p` ndi `-k`, kuti zithunzi zibwere nawo ndipo malinki aziloza mafayilo a pa kompyuta yake.

Kupumirako si ulemu chabe. Seva ya bungwe laling'ono imatha kugwa ndi mapempho mazanamazana obwera nthawi imodzi, ndipo eni ake nawo amalipira data imene mukukokayo. Kuyambira mu 1994, pamene Martijn Koster anayambitsa mwambo umenewu, mawebusaiti amaika fayilo ya robots.txt yonena malo amene mapulogalamu oyenda okha sayenera kulowa. Wget imaimvera ikamatsatira malinki. Njira yoiuzira kuti isamvere ilipo, koma pamenepo mwasankha dala kunyozera mwinimalo.

Nkhani imeneyi inafikapo kukhoti. Mu 2013, pa mlandu wa msilikali wa ku America, Chelsea Manning, amene pa nthawiyo ankadziwika kuti Bradley Manning, oimira boma ananena kuti anagwiritsa ntchito wget kukoka makalata a akazembe pafupifupi 250,000 amene anakafika ku WikiLeaks. Manning anali ndi chilolezo chowerenga makalatawo. Mfundo ya boma inali yakuti wget sinali pa mndandanda wa mapulogalamu ololedwa pa makompyuta amenewo, choncho kuigwiritsa ntchito kunali kupyola malire a chilolezo chake, motsutsana ndi lamulo la dzikolo la 1986 lokhudza makompyuta. Khoti la asilikali linamupeza wolakwa pa milandu yambiri kuphatikizapo umenewu, n'kumulamula kukhala m'ndende zaka 35, chilango chimene Pulezidenti Barack Obama anachifupikitsa mu Januwale 2017. Ku Malawi nako kuli lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act loletsa kulowa m'makompyuta a ena popanda chilolezo, komanso lamulo loteteza eni nyimbo, mabuku ndi mafilimu. Wget siifunsa ngati muli ndi ufulu pa zimene mukukoka.

Kutsitsa kamodzi, kugawira ambiri

Zoti n'kutsitsa mwaufulu zilipo zambiri, ndipo zina zinakonzedwera anthu a intaneti yovuta. Kiwix, imene Emmanuel Engelhart ndi Renaud Gaudin anayambitsa mu 2007, imalongedza Wikipedia ndi mawebusaiti ena a maphunziro m'mafayilo a mtundu wa ZIM oti muziwerenga popanda intaneti. Wikipedia yonse ya Chingelezi yokhala ndi zithunzi imaposa magigabayiti 100, koma palinso zigawo zing'onozing'ono, monga ya zachipatala yokha, kapena yopanda zithunzi. Fayilo ya magigabayiti 100 pa mamegabiti 2 pa sekondi imafuna maola oposa 110. Pa bandulo za usiku zokha imeneyo ndi ntchito ya masabata angapo, imene imatheka chifukwa cha `-c`. Ikafika kamodzi, imatha kukopedwa pa makompyuta onse a sukulu osalipiranso data.

Pokopapo pali chopunthwitsa chomaliza. Mafulashi ambiri amagulidwa ali mu dongosolo la FAT32, limene silivomera fayilo imodzi yofika magigabayiti 4, ngakhale fulashiyo ikhale ya magigabayiti 32 ndipo mulibe kanthu. Kompyuta imangoti fayilo yakula kwambiri, ndipo ngati wget ikulemba molunjika pa fulashi yoteroyo, imaima ikafika pa malirewo. Sungani kaye kwina zimene zili pa fulashiyo, muifomate kukhala exFAT, imene Windows, Mac ndi Linux ya masiku ano zimaiwerenga. Mukamaliza kukopa, yendetsaninso sha256sum pa fayilo ya pa fulashiyo musananyamuke nayo, chifukwa mafulashi achinyengo, olembedwa kukula kumene alibe, amavomera fayilo yonse mwakachetechete koma n'kusunga gawo chabe.